Moyo wa Oyera: Augustine Woyera ndi Abwenzi Amene Anamuperekeza kwa Khristu

Pa 27 Ogasiti Mpingo umakumbukira Monica Woyera, ndipo m'mawa mwake, pa 28 Ogasiti, umakumbukira mwana wake, Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo. Akhristu ambiri amadziwa za misozi ya mayi ameneyu, amene anapempherera mwana wake zaka zambiri osatopa. Koma pa njira ya Augustine panalinso abwenzi. Ena iye anawasocheretsa, ena anamuthandiza kupeza njira. Nkhani yawo ili ndi phindu kwa aliyense amene ali ndi mnzake wa kuntchito, wa ku koleji kapena woyandikana naye nyumba, amene amakonda kufunsa za Mulungu koma ku tchalitchi safika.

Augustine anabadwa pa 13 Novembala chaka cha 354 m'tawuni ya Thagaste, imene lero imatchedwa Souk Ahras, m'dziko la Algeria. Bambo ake, a Patricius, sanali mkhristu, ndipo anabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira. Mayi ake ndiwo anali olimba m'chikhulupiriro. Ali mwana anamulowetsa m'gulu la akatekumeni, koma sanabatizidwe, chifukwa masiku amenewo mabanja ambiri ankachedwetsa ubatizo mpaka mwana atadutsa msinkhu wa unyamata. Anali wanzeru m'kalasi. Anaphunzira ku Madaura, kenako ku Carthage, mzinda waukulu wa kumpoto kwa Africa. Kumeneko anayamba kukhala ndi mkazi popanda ukwati, ndipo anabereka naye mwana wamwamuna, dzina lake Adeodatus.

Ali ndi zaka 19 anawerenga buku la Cicero lotchedwa Hortensius, ndipo mtima wake unayamba kulakalaka nzeru zenizeni. Anatsegula Baibulo, koma kalembedwe kake kanamuonekera kotsika pokayerekeza ndi ka Cicero, choncho analitseka. Amene anamukopa anali otsatira a Mani. Iwo ankalonjeza kufotokoza zonse mwa nzeru popanda kuuza munthu kuti ayambe wakhulupirira. Ankaphunzitsanso kuti choipa chimachokera ku mphamvu ina ya mdima imene ili mwa munthu, motero wochimwa sankafunika kudziimba mlandu. Augustine anakhala nawo pafupifupi zaka 9.

Mayi Monica anapita kwa episkopi wina kukamupempha kuti akatsutsane ndi mwana wawo. Episkopiyo, amene nayenso anakulira m'chipembedzo cha Mani n'kuchisiya, anakana. Anaona kuti mnyamatayo anali akadali wodzitukumula ndi chiphunzitso chatsopanocho, ndipo mkangano ukanangomuumitsa mtima. Anawalangiza kuti amupempherere, pakuti pomawerenga yekha adzazindikira kulakwa kwake. Mayiwo atapitiriza kulira, anawatsimikizira kuti mwana woliriridwa chotero sangatayike.

Augustine anali wodziwa kulankhula ndiponso wokondedwa ndi anzake, ndiye kumene iye walowera anzake ankalowera komweko. Atabwerera ku Thagaste kukaphunzitsa, anakopera m'chipembedzo cha Mani mnzake wina amene anakula naye. Mnzakeyo anadwala kwambiri, ndipo ali chikomokere abale ake anamubatizitsa. Atatsitsimuka, Augustine anayamba kuseka za ubatizowo, poganiza kuti asekera limodzi. Wodwalayo anamudzudzula, namuuza kuti ngati akufuna kuti ubwenzi wawo upitirire asiye kulankhula motero. Augustine anaganiza zodikira kuti achire kaye kuti adzamugonjetse ndi mfundo. Patangopita masiku ochepa matenda anabwereranso, ndipo mnzakeyo anamwalira Augustine kulibe. Chisoni chinamukulira moti anachoka ku Thagaste n'kubwerera ku Carthage.

Wina amene anamutsatira anali Alypius, mnyamata wa kwawo komanso wophunzira wake. Ku Carthage Alypius anatengeka ndi mipikisano ya magaleta okokedwa ndi akavalo. Tsiku lina Augustine akuphunzitsa anapereka chitsanzo chonyodola anthu ogwidwa ndi masewerawa, osaganizako za Alypius. Alypius anawatenga mawuwo ngati ake, ndipo anasiya kupitako. Koma chifukwa chokonda mphunzitsi wakeyo, analowa nayenso m'chipembedzo cha Mani. Atapita ku Roma kukaphunzira zamalamulo, anzake ena anamukokera ku bwalo kumene anthu ankamenyana ndi malupanga mpaka kuphana. Iye anatseka maso, koma khamu litakuwa anatsegula, ndipo ataona magazi anayamba kukonda masewerawo kuposa amene anamubweretsa. Komabe pa ntchito yake ya zamilandu anali wolungama. Munthu wina wamphamvu m'boma atamuyesa ndi ziphuphu ndiponso kumuopseza, iye sanagonje.

M'chaka cha 383 Augustine anakwera chombo kupita ku Roma atawanamiza mayi ake pa doko. Pa nthawiyo n'kuti atayamba kale kukayikira otsatira a Mani, chifukwa mphunzitsi wawo wotchuka, Faustus, analephera kuyankha mafunso ake. M'chaka cha 384 anapeza ntchito yapamwamba yophunzitsa luso la kulankhula pagulu ku Milan, kumene kunkakhala mfumu ya Aroma. Alypius anapita naye, ndipo pambuyo pake kunabweranso mnzawo wina, Nebridius, ndi mayi Monica.

Episkopi wa ku Milan, Ambrose Woyera, anamulandira mokoma mtima ngati mwana wake. Augustine anavomereza yekha m'buku lake lotchedwa Confessions kuti anayamba kumukonda Ambrose chifukwa cha chifundo chimenechi, asanakhulupirire chilichonse cha zimene ankaphunzitsa. Ankapita ku tchalitchi kukangomvera ngati episkopiyo analidi katswiri wa kulankhula monga anthu ankanenera. Koma pomvetsera kakomedwe ka mawu, tanthauzo lake linkalowanso. Ambrose ankafotokoza ndime zovuta za Chipangano Chakale, zomwe otsatira a Mani ankaziseka, ndipo Augustine anaona kuti zimene ankatsutsa zaka zonsezi sizinali zimene Mpingo umaphunzitsa. Vuto linali lakuti Ambrose ankatanganidwa ndi anthu tsiku lonse. Augustine akapita kwawo ankamupeza akuwerenga chamumtima, ndipo ankakhala pansi kanthawi n'kubwerera osafunsa kanthu.

Amene anali ndi nthawi anali wansembe wina wokalamba, bambo Simplicianus, amene Ambrose yemwe ankawalemekeza ngati bambo ake auzimu. Augustine anawafotokozera kusochera kwake konse, ndipo iwo anamvetsera. Atatchula kuti wakhala akuwerenga mabuku a otsatira a Plato, bambowa sanamukalipire. Anamuyamikira, namuonetsa kuti m'mabukuwo munali zambiri zolozera kwa Mulungu ndi kwa Mawu ake. Kenako anamusimbira za munthu amene anamasulira mabukuwo m'Chilatini, Marius Victorinus, amene anali bwenzi lawo ku Roma.

Victorinus anali mphunzitsi wa luso lomwelo la Augustine, wotchuka moti anamusemera chifanizo pa bwalo lalikulu la mzinda. Atakalamba anayamba kuwerenga Malembo Oyera, ndipo ankauza bambo Simplicianus mwachinsinsi kuti iye ndi mkhristu kale. Iwo ankamuyankha kuti sangamuwerenge m'gulu la akhristu mpaka atamuona m'tchalitchi. Victorinus ankaseka n'kufunsa ngati makoma ndiwo amapanga munthu kukhala mkhristu. Zoona zake zinali zakuti ankaopa kukhumudwitsa anzake olemekezeka amene ankapembedza milungu ya Aroma. Kukambirana kumeneku kunachitika kambirimbiri. Bambo Simplicianus sanasinthe yankho lawo, komanso sanathetse ubwenziwo. Tsiku lina Victorinus ananena yekha kuti apite naye ku tchalitchi. Nthawi ya ubatizo itakwana, ansembe anamupatsa mwayi wonena chikhulupiriro chake mseri, monga ankachitira ndi anthu amanyazi, koma iye anasankha kuima pamaso pa mpingo wonse. Bambo Simplicianus anasankha nkhaniyi mwadala, podziwa kuti Augustine adziona yekha mwa Victorinus.

Pofika apa mafunso ambiri a Augustine anali atayankhidwa. Chotsala chinali moyo wake. Mkazi amene anakhala naye zaka zambiri anali atabwezedwa ku Africa pofuna kuti iye akwatire m'banja lolemekezeka, ndipo podikira ukwatiwo anatenganso mkazi wina. Ankafuna kusintha, koma ankangoti mawa.

M'chilimwe cha 386 kunyumba kwawo kunabwera mlendo, Ponticianus, mnzawo wa ku Africa amene ankagwira ntchito ku nyumba ya mfumu. Anaona buku pa tebulo, ndipo atalitsegula anadabwa kupeza kuti ndi makalata a Paulo Woyera. Mkhristu ameneyu sanalalike. Anangoyamba kusimba za Antony wa ku Egypt, amene anasiya chuma chake n'kupita kuchipululu kukatumikira Mulungu, ndiponso za antchito awiri a boma ku Trier amene atawerenga mbiri ya Antony anasiya maudindo awo tsiku lomwelo. Mlendoyo atachoka, Augustine anathamangira ku dimba la kuseri kwa nyumba atasokonezeka mtima. Alypius anamutsatira nakhala naye pafupi, osanena kanthu. Misozi itayandikira, Augustine anapita payekha pansi pa mkuyu. Kumeneko anamva mawu ngati a mwana akuimba mobwerezabwereza kuchokera ku nyumba ina yapafupi, omuuza kuti atenge buku awerenge. Anabwerera pamene panali Alypius, natsegula buku lija, ndipo maso ake anagwera pa Aroma 13:13-14, pamene Paulo amachenjeza za kuledzera, dama ndi ndewu n'kuitana akhristu ku moyo watsopano mwa Khristu. Kukayika kwake kunathera pomwepo. Alypius anapempha kuona ndimeyo, nawerenga mopitirira mpaka pa Aroma 14:1, ponena za kulandira munthu wofooka m'chikhulupiriro, ndipo anati ameneyo ndi iyeyo. Onse awiri analowa m'nyumba kukauza mayi Monica.

Augustine anasiya ntchito yake, ndipo iye ndi anzake anakakhala miyezi ingapo ku Cassiciacum, pa malo a mnzawo Verecundus, akupemphera masalimo ndi kukambirana. Ambrose anamulangiza kuti awerenge buku la mneneri Yesaya, koma linamuvuta ndipo analiika pambali kuti adzaliwerenge akadzazolowera Malembo. Usiku wa Pasaka, pa 24 Epulo kuchera pa 25 Epulo 387, Ambrose anabatiza Augustine, Alypius ndi Adeodatus. Augustine anali ndi zaka 32. Chaka chomwecho mayi Monica anamwalira ku Ostia ali ndi zaka 56. Nebridius ndi Verecundus nawonso anabatizidwa pambuyo pake.

Atabwerera ku Africa m'chaka cha 388, Augustine sanaiwale anthu amene anawasocheretsa. Analembera Honoratus, mnzake amene anali akadali ndi otsatira a Mani, buku lofotokoza ubwino wa kukhulupirira. Ngakhale unsembe wake unayamba ndi ulendo wa kwa bwenzi. M'chaka cha 391 anapita ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba, kukacheza ndi munthu wina amene ankafuna kudzipereka kwa Mulungu koma ankazengereza. Akhristu atamuzindikira m'tchalitchi anamugwira n'kupita naye kwa episkopi Valerius kuti amudzoze unsembe. Patapita zaka zochepa anakhala episkopi wa mzindawo. Alypius anakhala episkopi wa ku Thagaste, ndipo bambo Simplicianus analowa m'malo mwa Ambrose ku Milan m'chaka cha 397.

Cha m'ma 400 dikoni wina wa ku Carthage, Deogratias, anamudandaulira kuti amatopa pophunzitsa anthu ongoyamba kumene. Augustine anamulembera kabuku ka malangizo, ndipo m'menemo mukuoneka zimene iye mwini anadutsamo. Mphunzitsi ayambe wafunsa munthuyo chimene chamubweretsa. Wophunzira kwambiri asamubwerezere zimene anawerenga kale, koma amufunse za mabuku amene anamukhudza. Womvera akayamba kuyasamula, amupatse mpando kapena anene kanthu komutsitsimula. Ndipo ngati mphunzitsi watopa ndi kunena zomwezomwezo, akumbukire mmene munthu amasangalalira poonetsa mlendo malo okongola amene iye anawazolowera kale. Cholinga cha zonsezi, anatero, ndi chakuti womverayo azindikire mmene Mulungu amamukondera, nayenso ayambe kukonda.

Augustine anamwalira pa 28 Ogasiti 430 ali ndi zaka 75, asilikali a mtundu wa Vandal atazinga mzinda wa Hippo. M'masiku ake otsiriza anapempha kuti masalimo a kulapa awapachike pa khoma pafupi ndi bedi lake, ndipo ankawawerenga akulira.

Kuchokera pamene anawerenga Hortensius kufika pa ubatizo panadutsa zaka pafupifupi 14. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa zaka zonsezo palibe munthu mmodzi amene anagwira ntchito yonse. Mayi Monica anapemphera. Ambrose anamulandira bwino ndi kufotokoza Malembo momveka. Bambo Simplicianus anamvetsera, nanena zoona popanda kutaya bwenzi. Ponticianus anasimba nkhani imodzi n'kumapita, ndipo Alypius anangokhala naye chete m'dimba. Mwina mnzanu amene amakufunsani za Mulungu pa nthawi ya nkhomaliro kapena mu minibasi safunika zonsezi kwa inu nokha. Mufunseni chimene akufunafuna, muyankhe zimene mukudziwa, ndipo zokuvutani mupite naye kwa akatekisti kapena kwa bambo mfumu. Muitanireni ku Misa kapena ku mphakati, ndipo akakana musaleke kucheza naye. Sabata ino mutchule dzina lake m'mapemphero anu.

Monica Woyera ndi Augustine Woyera, mutipempherere.