Mbusa Charles Chinula, Mphunzitsi wa ku Loudon Amene Analowa M'bwalo la Ndale

Aphunzitsi ndi akalaliki a Boma amene amapita ku Mzimba pa ntchito, akafika ku Embangweni amaona tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinamangidwa m'masiku a Donald Fraser. Koma ndi owerengeka amene amakumbukira kuti pa mishoni imeneyi, imene inkatchedwa Loudon, panaphunzitsa mmodzi wa anthu amene anayala maziko a ndale za dziko lino. Munthuyo ndiye Charles Chidongo Chinula, amene anabadwa m'chaka cha 1885.

A Chinula anali Mtumbuka wokulira pansi pa ulamuliro wa Angoni. Ataphunzira ku Livingstonia anadzagwira ntchito ya uphunzitsi ku Loudon, kumene ankalimbikitsa ana a Atumbuka kuti asachite manyazi ndi chilankhulo chawo. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo ndiye anadzakhala mlembi wa Mombera Native Association, bungwe limene linayamba mu 1920 ndipo linaimira kumbuyo ufumu wa Angoni. Inkosi Chimtunga anali atachotsedwa pampando mu 1915 chifukwa chokana kupereka amtengatenga pa nkhondo ya Jeremani, ndipo bungweli linaumirira kuti abwerere kwawo. Ife tikuganiza kuti apa a Chinula anachenjera: masiku amenewo bwanamkubwa sankamva mawu a mphunzitsi pokhapokha atadzera pakamwa pa mfumu.

Mu 1925 anadzozedwa kukhala mbusa. Anapeka nyimbo zambiri za Chitumbuka zimene Akhristu a kumpoto akuimbabe, ndiponso anamasulira m'chilankhulocho buku la John Bunyan la Pilgrim's Progress. Koma mu 1930 akuluakulu a mpingo anawachotsa pa ubusa chifukwa cha mlandu wa chigololo. Nkhaniyi sitingaibise, pakuti ndiyo inatembenuza moyo wawo wonse. Ataona kuti zaka zikupita osabwezeredwa pa udindo, mu 1934 anayambitsa mpingo wawo, Eklesia Lanangwa, ndi kutsegula sukulu ku Sazu, m'boma lomwelo la Mzimba. Chaka chotsatira anaphatikizana ndi abusa anzawo awiri amene anatulukanso mu mishoni ya Livingstonia, a Yesaya Zerenji Mwasi ndi a Yafet Mkandawire. Pa zaka zomwezo anali mmodzi wa alangizi a Inkosi M'mbelwa yachiwiri.

Nyasaland African Congress itakhazikitsidwa mu 1944, a Chinula anali pakati pa atsogoleri ake, ndipo a Levi Mumba atamwalira mu 1945, iwo anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti watsopano, a Charles Matinga. Congress inasonkha ndalama zotumizira nthumwi ku London mu 1948 kukadandaula za maphunziro a anthu akuda, nkhani imene mphunzitsi wakaleyu ankaidziwa bwino koposa anzake ambiri. Anasankhidwa kuti apite nawo, koma anasiyidwa m'mbuyo. Mkangano umene unabuka pa ulendowu ndi pa ndalama zake unafooketsa Congress kwambiri, kufikira a Matinga anatula pansi udindo wawo mu 1950.

Anyamata ophunzira kunja atatenga utsogoleri wa Congress, mawu a nkhalamba ya ku Sazu anayamba kuzilala. Mu 1967 anabwerera mumpingo wa CCAP umene anautuluka kale, ndipo anamwalira mu 1970, dziko lili ndi zaka 6 za ufulu wodzilamulira.