Louis Armstrong: Mwana wa Lipenga, Mdzukulu wa Ng'oma

Akapolo amene anatengedwa ku Afirika kunka nawo ku Amereka analandidwa zonse, koma maimbidwe a kwao anaoloka nawo nyanja. Mumzinda wa New Orleans, pa bwalo lotchedwa Congo Square, iwo ankasonkhana Lamulungu lililonse kuomba ng'oma ndi kuvina. Mmodzi ankayambitsa nyimbo, ena onse namavomera, monga zichitikira pamtondo kapena pa gule kwathu kuno. Ukapolo unatha mu 1865, koma maimbidwe aja sanafe. Anasakanizika ndi nyimbo za m'tchalitchi ndi za malipenga a asilikali, ndipo m'menemo munabadwa nyimbo za jazi.

Louis Armstrong anabadwira mumzinda womwewo pa 4 Ogasiti 1901, m'banja losaukitsitsa. Usiku wotsiriza wa chaka cha 1912 iye anaombera mfuti m'mwamba pamseu, ndipo anamtsekera kunyumba yosungirako anyamata akuda opulupudza. Kumeneko mphunzitsi wa nyimbo, a Peter Davis, poyamba sanamkhulupirire mnyamatayo. Patapita nthaŵi anaona luso lake, namphunzitsa kuliza lipenga, mpaka anamuika kukhala mtsogoleri wa gulu la oimba la panyumbapo.

Mu 1922 Joe Oliver, katswiri wa lipenga, anamuitanira ku Chicago. Kuyambira mu 1925 Armstrong anajambula nyimbo ndi gulu lakelake lotchedwa Hot Five, ndipo anasintha maimbidwe a jazi. Kale oimba onse ankalizira pamodzi, koma iye anaonetsa kuti munthu mmodzi angathe kutsogola, napeka zatsopano nthaŵi yomweyo pamene anzake akusunga mayendedwe a nyimbo. Woomba ng'oma yaikulu pa gule amachitanso chimodzimodzi.

Atakula, Armstrong anayang'ana kumene makolo ake anachokera. Mu 1954 anajambula Skokiaan, nyimbo imene anaipeka August Musarurwa wa ku Bulawayo. Mu 1956 anafika ku Accra, kumene khamu lalikulu linamlandira ndipo Kwame Nkrumah anamchereza. Pa gule wina kumeneko anaona mayi wofanana kwambiri ndi malemu amayi ake, ndipo anatsimikiza mumtima kuti mtundu wake unachokera kuderalo. Anabweranso ku Afirika mu 1960, ndipo ku Leopoldville anthu anamnyamula pampando ngati mfumu. Anamwalira ku New York pa 6 Julaye 1971.

Mphunzitsi amene afuna kufotokozera ana mbiri imeneyi asayambe ndi mapu kapena zaka. Ayambitse nyimbo imene anawo aidziŵa, iwo avomere, kenaka aŵamvetse lipenga la Armstrong kuti apeze okha pofanana. Akumbukirenso a Peter Davis. Mwana amene akuvuta kumbuyo kwa kalasi angakhale ndi mphatso imene palibe wina adzaiona ngati mphunzitsi wake saiona.