Tikumbukire A Samuel Josiah Nthara (1905-1976)

Anzanga a kwa Kalembo, kodi mukukumbukira chipinda chija m'mene a Sitandade 6 ndi 7 tinkakhalira pamodzi? Aphunzitsi athu akawasiyira a Sitandade 7 masamu pabolodi, ankatembenukira kwa ife ndi buku la Nthondo. Ambirife kunyumba tinkayankhula Chiyao, choncho kukoma kwa Chichewa tidakumvera m'bukumo.

Mlembi wa bukuli naye adali mphunzitsi. A Nthara adabadwa m'chaka cha 1905, ndipo ankaphunzitsa pansi pa mishoni ya Nkhoma. Buku la Nthondo lidapambana pampikisano wa mabuku olembedwa m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Mu 1934 lidatuluka m'Chingerezi, womasulira wake ali m'busa T. Cullen Young. A Nthara adalembanso Mbiri ya Achewa, Msyamboza ndi mbiri ya m'busa Namon Katengeza. Adatisiya mu 1976.

Ine ndinkayesa kuti mabuku amalemba ndi azungu okha, kufikira nditaona dzina lawo pachikuto. Tsono inu amene mudasunga mabuku awo, chonde aperekeni kusukulu kwathu kuti adzukulu athu nawonso awawerenge.