João Albasini, mdzukulu wa mzungu amene anakana chikalata cha uzungu

Kutamandidwa konse nkwa Allah, amene anaumba tate wathu Adam kuchokera ku dothi, nasiyanitsa zilankhulo ndi khungu la ana ake kuti zikhale chizindikiro cha mphamvu Zake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse. Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera.

Jumu'ah ya lero ndikufotokozerani moyo wa munthu amene sanali Msilamu, ndipo wina asadabwe. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) sanamuiwale Mut'im ibn Adi, wopembedza mafano amene anamuteteza pobwerera kuchokera ku Taif, ndipo anamutchula mwaulemu pambuyo pa nkhondo ya Badr, mwini wake atamwalira kale. Munthu wathu lero ndi João dos Santos Albasini, mtolankhani wa ku Lourenço Marques, mzinda umene tsopano timautcha Maputo.

Anabadwa pa 2 Novembala 1876 kumwera kwa dziko lathu lino. Agogo ake a kuchimuna, amenenso anali João Albasini, anali mzungu wa ku Portugal, mlenje wa njovu ndi wogulitsa minyanga, amene manja ake sanali oyera pa malonda a akapolo. Eni dziko ankawatcha Juwawa. Anakakhazikika kumpoto kwa Transvaal, nalamulira Amashangani ambiri ngati mfumu, nakhalanso woimira Portugal pakati pa Mabunu, ndipo mpaka lero ku Limpopo kuli damu lotchedwa dzina lawo. Mwana wawo Francisco anakwatira mkazi wa banja lachifumu la Mpfumo, eni nthaka imene mzinda wa Maputo wakhalapo. M'banja limenelo ndimo munabadwa João ndi mbale wake José. Kwa abale a amayi ake mwanayo anali Nwandzengele, nayankhula Chironga. Kwa ansembe Achikatolika amene anamuphunzitsa anali João, nadzalemba Chipwitikizi chimene azungu ambiri a m'tauniyo sakanatha kuchilemba.

Ife a m'chigwa cha Zambezi anthu otere timawadziwa kuyambira kale. A Pereira a ku Makanga, oyandikana nafe pano, anachokera mwa munthu wa ku Goa amene mbumba yake inakwatirana ndi mabanja a mafumu Achichewa, ndipo analamulira mpaka pamene Apwitikizi anawagonjetsa mu 1902. Masiku amenewo munthu wa magazi awiri sankafunsidwa pepala lililonse. Azungu anali ochepa, malungo ankawatha, choncho boma linkadalira ana amenewa pa malonda, pa kumasulira ndi pa nkhondo. João anabadwa nyengo imeneyo ili kumapeto.

Asanakwane zaka 20 anaona mbali ziwiri za magazi ake zikuphana. Mu 1894 mafumu Achironga anaukira Lourenço Marques, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo anali Nwamatibyane, mfumu ya fuko la Mpfumo, fuko la amayi ake. Atagonja anathawira kwa Ngungunyane wa ku Gaza, koma pofika kumapeto kwa Disembala 1895 onse awiri anali m'manja mwa Apwitikizi. Anawatengera ku Lisboa, kenako ku zilumba za Açores, kumene anakafera. Chaka chomwecho cha 1895 njanji yopita ku Pretoria inatsegulidwa, ndipo mu 1898 likulu la dziko linasamuka ku Ilha de Moçambique kudza ku Lourenço Marques. Azungu anayamba kufika ochuluka, aliyense akufuna malo ndi ntchito. Mabanja akale a magazi awiri, amene dzulo anali ofunika, anayamba kukankhidwira kunja kwa maofesi ndi kunja kwa tauni. Kwa anthu akuda wamba kunadza lamulo la ntchito la 1899, lochokera ku maganizo a António Enes, lonena kuti munthu wakuda aliyense ali ndi udindo wogwira ntchito, ndipo akapanda kuipeza yekha boma limugwira. Umu ndi m'mene munakulira chibalo chimene agogo athu ankachithawa powolokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia.

Mnyamata wophunzira wa khungu loyererako anali ndi njira yapafupi pamenepa, yongodziphatika kwa azungu ndi kuiwala kwa amayi ake. Albasini sanaitsate. Mu 1908 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la Grémio Africano, ndipo pa 25 Disembala chaka chomwecho anatulutsa nyuzipepala yotchedwa O Africano, yolembedwa m'Chipwitikizi ndi m'Chironga. Taonani dzina limene anasankha. Pamene ena ankadzitcha zidzukulu za azungu, iye anadzitcha Mwafirika, naika chilankhulo cha amayi ake pa tsamba limodzi ndi cha bwanamkubwa. Nyuzipepalayo inkafika mpaka kwa anthu athu ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Itagulitsidwa mu 1918, iye ndi mbale wake ndi anzawo anayambitsa ina, O Brado Africano, ndiko kunena mfuu ya Mwafirika.

Analemba za chibalo, za apolisi omenya anthu, za kulandidwa kwa minda ndi za kusowa kwa masukulu. Koma nkhondo yake imene Msilamu aliyense angaimvetse msanga ndi ya vinyo. Dziko la Portugal linali ndi vinyo wochuluka wosowa msika. Ankamuthira zoledzeretsa zina kuti akhale waukali, namutumiza kuno ndi dzina loti vinyo wa munthu wakuda, ndipo mowa wophikidwa m'midzi unaletsedwa kuti anthu azigula wa ku Ulaya yekha. Makantini anazinga tauni ndi njira imene anthu ankadzera pochokera ku migodi, kotero kuti munthu amene wakumba pansi chaka chathunthu ankafika kwa mkazi wake chimanjamanja. Albasini anaona chimene Shariah inationetsa kale, kuti mowa umawononga nzeru ndi chuma pamodzi, ndipo anaonanso kuti boma lomwe linkatcha anthu akuda zidakwa ndi lomwe linkadyerera pa uchidakwawo.

Chaka cha 1917 ife a ku Tete timachikumbukira chifukwa cha nkhondo ya Barue, pamene anthu anatopa ndi kugwidwa kuti akalambule misewu ndi kusenza akatundu a nkhondo ya azungu, moto wake nufika mpaka ku Zumbo. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho, pa 9 Januwale, bwanamkubwa Álvaro de Castro anasaina lamulo lotchedwa Portaria 317. Linati munthu wakuda kapena wochokera mwa wakuda amene akufuna kuti asawerengedwe indígena, ndiko kuti mbadwa yogwidwa chibalo, akapemphe chikalata chotchedwa alvará chomutsimikizira kuti ndi assimilado, wosanduka Mpwitikizi. Anayenera kuonetsa kuti wasiya miyambo yonse ya anthu akuda, kuti amayankhula, kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi, kuti ali ndi mkazi mmodzi, ndiponso kuti ntchito yake ndi yoyenera chikhalidwe cha ku Ulaya. Abale anga, lingalirani za mashehe a ku Angoche, ku Ilha ndi ku Niassa, amene ankalemba makalata m'zilembo za Chiarabu ndi kuweruza milandu ndi mabuku a fiqh. Pa muyeso wa lamulo limeneli onsewo anali mbuli.

Mwa anthu onse a mu Lourenço Marques, Albasini ndiye akanalandira chikalatacho mosavuta. Anakana kuchipempha, nalimbana nalo lamulolo. Ankafunsa chifukwa chimene mzungu wosadziwa kulemba dzina lake, wongotsika m'sitima dzulo, sankayesedwa mayeso amenewo. Ankafunsa kuti boma losamanga masukulu lingafune bwanji Chipwitikizi kwa anthu amene silinawaphunzitse. Ankakumbutsa kuti malamulo a Portugal yemweyo ankati wobadwira m'dziko la Apwitikizi ndi nzika. Ine ndikuona kuti pansi pa mfundo zonsezi panali chinthu china chachikulu. Kupempha alvará kunali kukaima pamaso pa kalaliki ndi kuvomera kuti amayi amene anakubala ndi chinthu chimene wachisiya kumbuyo, ndi kuti atsibweni ako akamenyedwa mbalamatodya iwe ulibe nazo kanthu pakuti pepala lako lili m'thumba. Lamulolo linapangidwa kuti lidule ophunzira ochepa kuwachotsa kwa abale awo, kuti otsalawo asowe wowayankhulira.

Munali ndime inanso yokhudza ana a bambo wosakhala indígena ndi mayi wachikuda. Mwana wotero ankawerengedwa kumbali ya bambo ake malinga ngati akukhala m'manja mwa bamboyo. Choncho ana awiri a khungu limodzi ankatha kusiyana njira, wina ku sukulu, wina ku chibalo, chifukwa chakuti bambo wa mmodzi anamuvomera pamene wa mnzake anamukana.

Apa tikumbukire Usama ibn Zayd (Allah asangalale naye). Bambo ake, Zayd ibn Haritha, anali Mwarabu woyera khungu. Mayi ake, Umm Ayman, anali mkazi wa ku Habasha amene analera Mtumiki ali mwana. Usama anabadwa wakuda kwambiri, ndipo malilime a ku Madina sanaleke kunong'ona za ubambo wake. Tsiku lina katswiri wozindikira chibale, Mujazziz al-Mudliji, anapeza awiriwa atagona, atafunda kumutu, mapazi okha ali kunja, ndipo anagamula kuti mapazi amenewo ndi a magazi amodzi. Mtumiki analowa kwa mayi Aisha nkhope ikuwala ndi chisangalalo. Chakumapeto kwa moyo wake anamuika Usama, mnyamata wa zaka pafupifupi 20, kukhala mtsogoleri wa gulu la nkhondo lopita cha ku Sham, momwe munali akuluakulu a Maswahaba. Ena atadandaula, iye anakwera pa mimbari namuikira kumbuyo, ndipo atamwalira, Abu Bakr anakana kusintha mtsogoleriyo.

Nkhani imeneyi ili pakhomo pathu. Kuyambira pamene malasha a ku Moatize anakokanso anthu a maiko akutali, ndi pamene odula mitengo ndi okumba golide analowa m'nkhalango zathu, m'midzi mwabadwa ana amene abambo awo anapita osatsanzika. Timawaitana ndi khungu lawo, mkaladi, mulato, kamzungu, kamchaina, ngati alibe maina. Ena timawanyoza, ena timawakweza pamwamba pa abale awo akuda, ndipo zonse ziwirizo ndi muyeso womwe uja wa 1917. Mwambo wa Achewa umati mwana ndi wa mbumba ya amake, ndipo mwini mbumba sasankha khungu. Chisilamu chimati mwana sasenza tchimo la makolo ake, ndipo mwamuna amene wabereka m'nikah n'kuthawa osasiya chakudya kapena dzina adzakayankha pa tsiku la Qiyamah. Ku madrasa ndi pa mzere wa Swala mwana wotero malo ake ndi ofanana ndi a mwana wa shehe.

Albasini sanali wopanda banga. Kwa zaka ndithu anagwira ntchito yoyang'anira antchito achikuda pa doko ndi pa njanji, pomwe ambiri anali ogwidwa chibalo chomwe iye ankachidzudzula. Ankakhulupirira kuti chipulumutso cha Mwafirika chili m'Chipwitikizi ndi m'chikhalidwe cha ku Ulaya, ndipo sanapemphe kuti Apwitikizi achoke, anangofuna kuti asunge malonjezo awo. M'nyuzipepala zake munkatulukanso mawu onyoza amalonda achimwenye, amene ambiri mwa iwo anali Asilamu. Munthu amene anadziwa kuwawa kwa kuyesedwa ndi mtundu analola kuti ena ayesedwe ndi mtundu pa masamba ake omwe.

Chifuwa chachikulu chinamugwira akadali ndi mphamvu zolemba. Anapita ku Lisboa kukafuna mankhwala, natenga madandaulo a anthu ake kukawatula kwa akuluakulu a boma ndi kwa Aafirika anzake okhala kumeneko. Anabwerako osachira, ndipo anamwalira ku Lourenço Marques pa 16 Ogasiti 1922, ali ndi zaka 45. Mu 1925 kunasindikizidwa kabuku kake kotchedwa O Livro da Dor, buku la ululu, makalata amene analembera mkazi amene anakana kukwatiwa naye.

Chimene iye ankachiopa chinachitika atapita. Mu 1932 ophunzira achikuda, poona kuti Grémio Africano ili m'manja mwa a magazi awiri, anapatuka nayambitsa bungwe lawo, Instituto Negrófilo, ndipo boma la atsamunda linasangalala nako kupatukanako. Malamulo a indigenato anakhwimitsidwa m'zaka za Salazar, nakhala mpaka 1961. Koma O Brado Africano inapitirira kutuluka, ndipo pa masamba ake ndi pamene José Craveirinha ndi Noémia de Sousa, nawonso ana a magazi osakanizika, anasindikiza ndakatulo zimene zinadzutsa mbadwo wa nkhondo ya ufulu. 

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah cha ine, cha inu ndi cha Asilamu onse. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.