Giacomo Ciamician

Giacomo Luigi Ciamician (27 Ogasiti 1857 – 2 Januwale 1922) anali katswiri wa chemistry wa ku Italy. Amadziwika ngati mmodzi mwa anthu oyamba kufufuza mmene kuwala kumasinthira mankhwala, nthambi ya sayansi yomwe imatchedwa photochemistry.

Moyo wake

Ciamician anabadwira mumzinda wa Trieste, womwe panthawiyo unali pansi pa ulamuliro wa Austria. Makolo a banja lake anali ochokera ku mtundu wa anthu a ku Armenia. Anaphunzira ku Vienna ndi ku Giessen, kenako mu 1880 anapita ku Rome kukathandiza Stanislao Cannizzaro pa ntchito yofufuza. Anakhala pulofesa ku Padua mu 1887, ndipo mu 1889 anasamukira ku yunivesite ya Bologna komwe anaphunzitsa mpaka imfa yake. Mu 1910 anakhala senator wa dziko la Italy.

Kafukufuku wa padzuwa

Pamodzi ndi mnzake wa ku Germany, Paul Silber, ankathira mankhwala m'mabotolo agalasi n'kuwayanika pakhonde la nyumba yofufuzira ku Bologna. Ena ankakhala padzuwa miyezi yambiri asanatsegulidwe. Nyale zamphamvu zoyesera zinali zisanafale, choncho awiriwa ankangodalira dzuwa ndi kuleza mtima. Mwa njira imeneyi anapeza kuti mankhwala ngati carvone amasanduka chinthu china akawombedwa ndi dzuwa.

Nkhani ya mu 1912

Mu Seputembala 1912, pa msonkhano wa akatswiri a chemistry ku New York, anakamba nkhani yotchedwa The Photochemistry of the Future, yomwe inasindikizidwanso m'magazini ya Science. Panthawiyo mafakitale ankayendera malasha. Iye anachenjeza kuti malasha adzatha, ndipo anati anthu aphunzire kwa zomera, zomwe zimatenga mpweya wa carbon dioxide ndi madzi n'kupanga chakudya ndi mphamvu ya dzuwa. Ankayembekezera kuti mafakitale opanda utsi adzamangidwa m'madera ouma, ndi kuti mayiko otentha, komwe dzuwa limawomba kwambiri, ndiwo adzapindule.

Iye mwini sanakwanitse kusandutsa carbon dioxide kukhala mafuta. Panadutsa zaka 60 kuti Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan asonyeze, mu 1972, kuti kuwala kukhoza kugawa madzi pogwiritsa ntchito titanium dioxide. Mpaka pano njira zotere n'zodula poyerekeza ndi mafuta okumba pansi.

Dzina la Ciamician linaperekedwa kangapo kuti alandire mphoto ya Nobel, koma sanailandire. Dipatimenti ya chemistry ya yunivesite ya Bologna imatchedwa ndi dzina lake.