Robert Laws

Robert Laws (28 Meyi 1851 – 6 Ogasiti 1934) anali m'busa, dokotala komanso mphunzitsi wa ku Scotland amene anatsogolera mishoni ya Livingstonia kwa zaka pafupifupi 50. Yunivesite ya Livingstonia, yomwe mwini wake ndi Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, inachokera pa sukulu imene iye anayambitsa ku Khondowe, m'boma la Rumphi.

Chiyambi chake

Laws anabadwira mumzinda wa Aberdeen. Bambo ake anali mmisiri wopala matabwa, ndipo naye anaphunzira ntchitoyi asanachite maphunziro a udokotala ndi a ubusa. Mu 1875 anadzozedwa kukhala m'busa wa United Presbyterian Church. Chaka chomwecho analowa m'gulu la amishonale limene Free Church of Scotland inatumiza ku Nyanja ya Malawi pokumbukira David Livingstone. Mtsogoleri wa ulendowo anali E. D. Young.

Sitima yawo, Ilala, anaiphwasula atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake mpaka kumtunda. Inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ndipo amishonalewo anamanga ku Cape Maclear. Malowo anali ndi malungo ambiri, choncho mu 1881 Laws, amene tsopano anali mtsogoleri, anasamutsira mishoni ku Bandawe, pakati pa Atonga. Anali atakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879. Ubale wake ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa unatheka makamaka chifukwa cha William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale. Laws anamasuliranso Chipangano Chatsopano m'Chinyanja.

Sukulu ya ku Khondowe

Mu 1894 Laws anatsegula sukulu pamwamba pa phiri ku Khondowe. Inatchedwa Overtoun Institution polemekeza Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland amene ankathandiza ndi ndalama. Kumeneko ankaphunzitsa aphunzitsi, alaliki, othandiza m'chipatala, makalaliki, amisiri a matabwa, omanga nyumba ndi osindikiza mabuku. Madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi zinafika kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene madera ambiri a Nyasaland sankazidziwa n'komwe.

Ophunzira ake anamwazikana kutali. Levi Mumba anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Clements Kadalie anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, pamene David Kaunda, bambo a Kenneth Kaunda, anakagwira ntchito ya uthenga wabwino ku Chinsali, m'dziko limene lero ndi Zambia.

Komabe Laws anali wochedwa kupereka udindo kwa anthu amene iye mwini anawaphunzitsa. Charles Domingo anamaliza maphunziro a ubusa koma anadikira kudzozedwa mpaka kutopa, n'kuchoka mu mpingowo. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka pafupifupi 40 chiyambire mishoni.

Loto la yunivesite

Cholinga chachikulu cha Laws chinali chakuti sukulu ya ku Khondowe idzakule kufika pa koleji yopereka maphunziro apamwamba kwa anthu a mu Africa. M'zaka za m'ma 1920 ganizoli linatsutsidwa. Ndalama zinali zochepa, ndipo amishonale anzake ena, pamodzi ndi komishoni ya Phelps-Stokes imene inayendera dzikoli mu 1924, ankakonda maphunziro a kumudzi, a ulimi ndi ntchito za manja. Chimene chinatheka m'chaka chimenecho ndi mgwirizano wa mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, umene unabala mpingo wa CCAP. A ku Nkhoma analowamo mu 1926.

Laws anapuma pa ntchito mu 1927, mkazi wake atamwalira kale mu 1921. Anamwalirira ku London, ndipo anaikidwa ku St Machar's Cathedral, kwawo ku Aberdeen. Yunivesite imene ankaifuna inatsegulidwa ndi sinodi mu 2003, patapita zaka 69 chimwalirire. Nthambi yake ya ku Khondowe imatchedwa Laws Campus, ndipo ina ili ku Ekwendeni. Nyumba yamiyala imene ankakhalamo, Stone House, tsopano imasunga zinthu zakale za mishoni.