Mayi Dolly Rathebe, Woyimba wa M'filimu ya Jim wa ku Joni

Anzanga, tikamva za mafilimu oyimba ambirife timaganiza za achimwenye a ku vidiyo sho, aja oti mnyamata ndi mtsikana akucheza bwinobwino, mwadzidzidzi ayamba kuyimba, kumbuyo kwawo kwatulukira chigulu cha anthu ovina osadziwika kumene achokera. Komatu mafilimu otere sadayambe lero, ndipo si amwenye okha adawapanga. Muno mu Africa, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kutchuka ndi filimu yoyimba adali mayi wina wa ku South Africa, dzina lawo Dolly Rathebe. Adamwalira mu 2004, tonse a Fomu 2 tisanabadwe. Ndalemba mbiri yawo chifukwa filimu imene idawatchukitsa imakamba nkhani yomwe ikadalipo m'midzi mwathu mpaka lero, nkhani ya mnyamata wonyamuka kupita ku Joni kukasaka ndalama.

Mayi Dolly adabadwa mu 1928 ku Randfontein, tawuni ya migodi ya golide kumadzulo kwa Johannesburg. Dzina lawo lenileni lidali Josephine Malatsi, ili la Dolly Rathebe adachita kutenga atakula. Adakulira ku Sophiatown, dera la mumzinda wa Johannesburg limene lidali losiyana ndi madera ena. Kumeneko munthu wakuda ankatha kugula puloti nkumangapo nyumba yakeyake, zomwe malamulo sankalola m'malo ambiri. Anthu ankakhala mothithikana, mabanja angapo kumwera mpopi umodzi, matsotsi nawo adalipo, komabe nyimbo zidali paliponse, kutchalitchi, m'mashabini ngakhale m'misewu. Kudalinso nyumba yoonetsera kanema yotchedwa Odin. Achinyamata a kumeneko ankakonda mafilimu oyimba a ku America amene osewera ake adali akuda, monga Stormy Weather ndi Cabin in the Sky. Onse awiriwa adatuluka mu 1943 ndipo mudali woyimba wotchuka Lena Horne. Akatuluka m'kanema ankatengera kavalidwe, kayendedwe ndi kayimbidwe ka anthu amenewo, ngati mmene anyamata a pano amatengera kameteredwe ka osewera mpira. Mayi Dolly adakulira m'mphepo imeneyi, nkuyamba kuyimba jazi akadali mtsikana.

Mu 1949 azungu awiri ochokera ku Britain, Donald Swanson ndi Eric Rutherford, adaganiza zopanga filimu yoti osewera ake akhale anthu akuda. Ankafuna mtsikana wodziwa kuyimba, ndipo adapeza Mayi Dolly ali ndi zaka pafupifupi 21. Filimuyo adaitcha Jim Comes to Jo'burg, ena amati African Jim. Imawerengedwa kuti ndi filimu yoyamba ya ku South Africa imene osewera ake akuluakulu adali akuda. Amene adasewera ngati Jim adali Daniel Adnewmah.

Nkhani yake ndi yosavuta kutsata. Jim akutsanzika kumudzi nkupita ku Johannesburg kukafuna ntchito. Atangofika, matsotsi akumutchinga nkumulanda zonse. Mlonda wina wachifundo akumutola nkumuthandiza. Jim akuyesa ntchito zingapo, zina osapindula nazo, mpaka akulembedwa yoperekera zakumwa pa kalabu ina ya usiku. Pa kalabupo woyimba wake ndi mwana wa mlonda uja, ndiye Mayi Dolly amenewo. Kenaka Jim akumva akuba akupangana zokathyola pamene mlondayo amalondera, akuthandiza kuwalepheretsa, ndipo pomaliza naye akupeza mwayi woyimba limodzi ndi mtsikanayo. Pakati pa zonsezi nyimbo ndiye zosati masewera, nkhani ikangoyenda pang'ono, gulu layamba kuyimba.

Ine ndidaionera ku Area 3, pa tchuthi chapitachi, kwa amalume amene amagwira ntchito ya ulonda pa nyumba ina kumeneko. Ukachoka ku msika waukulu wa mu Old Town nkuwoloka mtsinje wa Lilongwe, umafika kumalo a mipanda italiitali ndi mitengo ikuluikulu, kwa zii ngati kulibe anthu. Amalumewo adali nayo filimuyi pa foni, ndipo tidaionera tili pa benchi kuseri kwa geti. Ilibe mitundu, ndi yakuda ndi yoyera basi, mawu ake pena amamveka ngati wayilesi yotha mabatire, komanso siifika ola lathunthu. Poyamba ndinkaona ngati nditopa nayo. Koma Mayi Dolly atangotulukira nkuyamba kuyimba, ndidakhala chete. Sathamangathamanga kapena kudumpha ngati a m'mavidiyo a masiku ano ayi. Amangoima, nkutulutsa mawu akuya, odekha, ngati akuyimbira iwe wekha. Amalume chidawasangalatsa kwambiri nchoti munthu wabwino m'filimu yonseyo ndi mlonda. Adabwezera kawiri pamene mlondayo akutola Jim.

Tsono taganizirani anthu a mu 1949. Ife tidazolowera kuona anthu akuda pa kanema, a ku Nigeria, a ku Tanzania ngakhale a konkuno. Iwo aja ankaona azungu, kapena akuda a ku America olankhula Chingerezi cha kutali. Apa adaona misewu yawo yomwe, zovala zawo, nyimbo zawo ndi mtsikana woti ena ankakumana naye panjira ku Sophiatown. Mayi Dolly adatchuka nthawi yomweyo. Chithunzi chawo chidayamba kutuluka m'magazini, makamaka ya Drum imene idayamba mu 1951. Dzina lawo lidalowa mpaka m'chilankhulo cha achinyamata a m'tauni, moti munthu akafuna kunena kuti zinthu zili bwino ankangotchula dzina loti Dolly. Eti dzina la munthu kusanduka moni!

Mu 1951 adaseweranso m'filimu ina ya Swanson yotchedwa The Magic Garden, imene adajambulira ku Alexandra. Mmenemo mudali mnyamata wina, Willard Cele, woliza kachitoliro kachitsulo kotchipa. Filimuyi idathandiza kuti ana ambiri a m'misewu ayambe kuliza kachitoliroko, ndipo nyimbo zotere zidadzatchuka ndi dzina loti kwela. Apa mpamene nkhaniyi ikufika kwathu. Kwela idayenda ndi anthu opita ndi kubwera ku ntchito mpaka idafika ku Malawi, kumene Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald, a m'mudzi wa Singano kufupi ndi Chileka, adaitenga nkuisandutsa yathu. Ndiye agogo anu akamakamba za Kachamba, dziwani kuti chingwe chake chimakafika kutali.

Koma akulu adati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Filimu ya Jim idatuluka patangotha chaka chimodzi chiyambireni boma la tsankho mu 1948, koma nkhanza za boma limenelo simuziona mmenemo. Adani a Jim ndi matsotsi okha. Ngakhale dzina loti Jim lili ndi nkhani yake, chifukwa azungu ambiri ankaitana mwamuna wakuda aliyense kuti Jim, posafuna kuvutika kudziwa dzina lake lenileni. Amuna ambiri a kuno adayenda ulendo wa Jim kudzera ku Wenela, koma iwo sadakathere pa kalabu akuyimba. Adakathera pansi pa mgodi, ena adabwerako ndi chifuwa, ena adasanduka matchona osaonekanso kwawo. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70. Zoterezi filimu yoyimba siikanakamba.

Moyo wa Mayi Dolly weniweni nawo sudali ngati wa m'filimu. Tsiku lina wojambula zithunzi wa Drum, mzungu wochokera ku Germany dzina lake Jürgen Schadeberg, adapita nawo pa chimulu cha mchenga wa ku mgodi kuti akawajambule atavala zosambira. Apolisi adawapeza nkuwagwira onse awiri, powaganizira kuti akuphwanya lamulo loletsa chibwenzi pakati pa mzungu ndi munthu wakuda. Tangoganizani, munthu wodziwika dziko lonse, ali pa ntchito yake masanasana, kumukweza galimoto ya polisi chifukwa choima pafupi ndi mzungu. Kutchuka konse kuja sikudawateteze.

Kuyambira mu 1954 adakhala woyimba wamkulu m'gulu loyendayenda la Alf Herbert lotchedwa African Jazz and Variety. Ali mkati moyenda choncho, kwawo kudagwa tsoka. Pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 adalowa mu Sophiatown nkuyamba kusamutsa anthu mokakamiza kupita ku Meadowlands, ku Soweto. M'zaka zochepa nyumba zidagwetsedwa, malowo adapatsidwa kwa azungu nkuwatcha Triomf, kutanthauza chipambano. Sikuti zidagwa nyumba zokha ayi. Malo oyimbira adatha, oyimba adabalalika, ndipo malamulo oletsa anthu akuda kuyenda usiku adachititsa kuti ntchito yoyimba ivute zedi. Anzawo ena monga Miriam Makeba ndi Hugh Masekela adatuluka m'dzikomo nkukatchuka kunja. Mayi Dolly adatsala. Mu 1964 adayimba ndi gulu la Elite Swingsters, koma zinthu zitathina adasamukira ku Cape Town kumene adakhala zaka zambiri akuyendetsa shabini kuti banja lidye.

Apa ndi pamene pamandikhudza kwambiri m'mbiri yonseyi. Mtsikana amene dzina lake linkatanthauza kuti zonse zili bwino, tsopano akugulitsa mowa m'nyumba, khutu lili kunja kuopa apolisi. Wina akhoza kunena kuti adagwa. Ine ndikuona kuti adachita zimene amayi athu amachita chaka cha njala, kugwira chilichonse chopezeka kuti ana asagone ndi njala, uku luso lawo atalisunga mumtima.

Ndipo tsiku lake lidafikadi. Mu 1988 adaoneka m'filimu ya Mapantsula, imene tsopano inkaonetsa poyera zimene filimu ya Jim idabisa. Mu 1989 adakumananso ndi a Elite Swingsters, ndipo mu 1991 adatulutsa chimbale chotchedwa Woza, Mayi Dolly ali ndi zaka zoposa 60. Tsankho litatha mu 1994 adaseweranso m'filimu ya Cry, the Beloved Country ya mu 1995. Mu 2001 adalandira mphoto yolemekeza ntchito ya moyo wawo wonse pa South African Music Awards, ndipo mu 2003, ali ndi zaka 75, adaimanso pa nsanja ku Johannesburg m'chionetsero chokumbukira Sophiatown.

Chimene adachita ndi ndalama za ukalamba wawo ndiye chondisangalatsa. Adamangitsa holo m'mudzi wa Sofasonke kufupi ndi Klipgat, kumpoto kwa Pretoria, yoti anthu a m'deralo azichitiramo zinthu zosiyanasiyana. Holoyo imatchedwa Meriting kwaDolly. Ife amene misonkhano yathu imachitikira pansi pa mtengo, ndipo mvula ikabwera drama kalabu imathawira m'kalasi yodontha, tikudziwa kuti holo ndi chinthu chachikulu bwanji. Adamwalira pa 16 September 2004 atadwala sitiroko, ali ndi zaka 76. Chaka chomwecho boma la South Africa lidawalemekeza ndi mendulo ya Order of Ikhamanga. Patatha zaka ziwiri, mu 2006, dzina la Sophiatown lidabwezeretsedwa, iwo atapita kale.

Pano pa sukulu tili ndi anzathu amene amati akangolemba mayeso a Fomu 4, kapena asanafike nkomwe, akwera basi ya ku Joni. Ena achimwene awo ali komweko ndipo amatumiza zithunzi atavala jekete, ataima pafupi ndi galimoto. Zithunzi zimenezo zili ngati filimu ya Jim, nzokoma kuona ndipo si zabodza zonse, koma adadula zambiri. Sindikuti tileke kuonera mafilimu oyimba, ine ndemwe ndimawakonda, ndipo amene angaipeze filimuyi aionere ndithu. Kungoti poonera tizikumbukira kuti filimuyo siifika ola limodzi, pamene mayi amene akuyimba mmenemo adakhala ndi moyo zaka zina 55 itatha, zambiri mwa izo zowawa, ndipo sadasiye kuyimba. A drama kalabu ndi a kwaya, nkhani ya Mayi Dolly ikukwana bwino sewero la pa tsiku lotsekera teremu, ndipo mtsikana wa mawu akuya m'Fomu 2 muno alipo, tonse tikumudziwa.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2